Kukonza chiwongolero cha pikapu yakale kuti msana usamawawe

Achimwene a ku Kamwendo afunsa kuti Hilux yawo yakale imawapweteka mapewa ndi msana akamapita ndi fodya ku Chinkhoma, ndiye chiwongolero angachisunthe bwanji.

Choyamba imikani galimoto pamalo athyathyathya, mukoke handibuleki. Izi musamachite galimoto ikuyenda, chiwongolero chikhoza kukuthawani m'manja.

Yambani ndi mpando, achimwene, apa ndi pamene ambiri timalakwitsa. Kokani kachitsulo ka pansi pa mpando, muusunthe mpaka muziponda kilachi kufika pansi bondo lili lopindika pang'ono. Ngati mpando wakakamira, ndi fumbi la m'misewu yathu ino ndi dzimbiri. Pukutani njanji zake, mudontheze oyilo.

Kenako pisani dzanja pansi pa chiwongolero. Mukapeza kachogwirira, kamasuleni, mukweze kapena kutsitsa chiwongolero mpaka chisamakhudze ntchafu komanso muziona bwino mita ya liwiro. Bwezerani kachogwirirako, mugwedeze chiwongolerocho mwamphamvu. Chisasunthe ngakhale pang'ono.

Muyeso wake ndi uwu: tsamirani mpando, tambasulani dzanja. Pamene mumavala wotchi pagone pamwamba pa chiwongolero, phewa lisachoke pampando.

Mapikapu ambiri akale alibe kachogwirira kameneka. Zikatero mpando ndi kapilo kolimba kumsana ndizo zingakuthandizeni. Mabawuti a chiwongolero musawamasule nokha, chonde, pitani kwa makaniko.