Kugawa hard disk ya kompyuta ya pakhomo popanda kutaya mafayilo

Makompyuta ambiri amabwera ndi malo amodzi okha ooneka, C:, ndipo m'menemo mumakhala Windows, mapulogalamu, zithunzi za ukwati, nyimbo ndi ntchito za kusukulu, zonse mulu umodzi. Tsiku limene Windows yakana kudzuka, wokonza amafomata C: n'kuikamo ina, katundu yense uja n'kupita nayo limodzi. Kugawa disiki kumathandiza pamenepa: Windows imakhala kwayokha, mafayilo anu kwina. Koma dziwiranitu kuti magawo onsewo ali pa chitsulo chimodzi. Disiki ikafa, C: ndi D: zimafera pamodzi, ndipo vayirasi yotseka mafayilo siona malire a magawo. Gawo lachiwiri limakutetezani ku Windows yowonongeka basi. Zina zonse zimafuna kuti mafayilo akhalenso pa disiki yakunja.

Yambani mwaona zimene zilipo

Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani diskmgmt.msc, kenako Enter. Zenera la Disk Management likatseguka, yang'anani m'munsi. Disiki iliyonse ili ndi mzere wake, Disk 0, Disk 1, ndipo magawo ake ajambulidwa kuchokera kumanzere kupita kumanja monga mmene agonera pa disikiyo. Dongosolo limeneli ndi lofunika kwambiri, ndipo tibwererako. Gawo la mzere wabuluu pamwamba likugwira ntchito. La mzere wakuda lolembedwa Unallocated ndi malo amene sanapatsidwe kwa aliyense.

Mudzaona timagawo ting'onoting'ono topanda chilembo. Musatikhudze. Kolembedwa EFI System Partition, kawirikawiri ka 100 MB kapena 260 MB, ndi komwe kompyuta imayambira kufunafuna Windows ikangoyatsidwa. Mukakafufuta, makina amayaka koma Windows siipezeka. Pa makompyuta akale ntchito imeneyi imagwiridwa ndi System Reserved. Kolembedwa Recovery kamasunga zida zokonzera Windows ikasokonekera. Palinso kena ka 16 MB kotchedwa MSR komwe Disk Management sikaonetsa n'komwe.

Musadabwe kuona disiki ya 500 GB ikuoneka ngati ya 465 GB, kapena ya 1 TB ngati ya 931 GB. Palibe amene wakuberani. Opanga madisiki amawerenga ndi 1000, Windows imawerenga ndi 1024. Kumbukirani nambala imeneyi chifukwa Disk Management imafunsa kukula kwa gawo mu MB.

MBR kapena GPT

Musanadule chilichonse, dziwani mtundu wa kaundula amene disiki yanu imalembamo magawo ake. Dinani batani lakumanja la mausi pa bokosi lolembedwa Disk 0, sankhani Properties, kenako Volumes, n'kuwerenga pa Partition style.

MBR ndi njira yakale, ya m'chaka cha 1983. Kaundula wake amakhala mu 512 bytes zoyambirira za disiki, ndipo muli malo a magawo anayi okha otchedwa primary. Wofuna ambiri amasandutsa limodzi mwa anayiwo kukhala extended, n'kudula magawo a logical m'kati mwake. MBR sitha kugwiritsa ntchito malo opitirira pafupifupi 2 TB. Mukaiika pa disiki ya 4 TB, malo otsalawo amangokhala osafikika. GPT ilibe mavuto awiriwa. Windows imalola magawo 128 pa disiki ya GPT, ndipo kaundula wake amalembedwa kawiri, koyambirira ndi kumapeto kwa disiki, kotero wina akawonongeka mnzake amapulumutsa. Kuti Windows idzuke kuchokera pa GPT, kompyuta iyenera kuyaka mwa njira yatsopano yoyatsira makina yotchedwa UEFI, yomwenso Windows 11 imafuna.

Msampha waukulu wa MBR ndi uwu. Malaputopu ena akale anabwera ndi magawo anayi odzaza kale kuchokera kufakitale. Mukayesa kupanga lachisanu, Windows imafunsa ngati isandutse disikiyo kukhala dynamic. Yankhani kuti No. Disiki ya dynamic imavuta kuikapo Windows mwatsopano, Linux (yomwe ena amaika m'malo mwa Windows kapena pambali pake) siigwirizana nayo bwino, ndipo zida za Windows zenizenizo sizingaibwezere mmene inalili popanda kufufuta magawo onse.

Zokonzekera

Koperani mafayilo onse ofunika pa disiki yakunja, ndipo tsegulani ochepa mwa iwo kuti mutsimikize kuti akopedwadi. Laputopu ikhale ndi batire lodzaza komanso pa chaja. Kompyuta ya pa tebulo yopanda UPS (batire loisunga yoyaka magetsi akazima) musaiyambitse ntchito imeneyi pa nthawi imene magetsi amakonda kuzima kwanuko. Kuchepetsa gawo kumatenga mphindi zochepa, koma kusuntha gawo kungatenge maola, ndipo magetsi akathima pakati, gawolo limasiya kuwerengeka.

Onaninso ngati C: ili ndi chizindikiro cha loko kapena mawu akuti BitLocker Encrypted. Malaputopu ambiri atsopano amabwera atatsekedwa chonchi mwini wake osadziwa. Kiyi yake ndi manambala 48, ndipo kawirikawiri imasungidwa mu akaunti yanu ya Microsoft. Ilembeni papepala musanayambe, chifukwa kusintha kwina kwa magawo kapena kwa BIOS (pulogalamu yoyatsa makina Windows isanayambe) kumachititsa kompyuta kuifunsa, ndipo popanda iyo palibe wokonza amene angatsegule mafayilowo. Pomaliza tsegulani Command Prompt, zenera lolemberamo malamulo, ngati Administrator, lembani chkdsk C: /f, vomerani ndi Y, n'kuyatsanso kompyuta kuti ikonze zolakwika zimene zingaimitse ntchito panjira. Disiki yomwe ikulira tiki-tiki kapena kumangoima-ima musaigawe. Ipulumutseni mafayilo, mugule ina.

Kudula D: kuchokera ku C:

Kodi C: ikhale yaikulu bwanji? Microsoft imati Windows 11 imafuna 64 GB, koma imeneyo ndi yongokwanira kulowa pakhomo; ma update, mapulogalamu ndi mafayilo osakhalitsa amadzaza malowo msanga. Ife timaona kuti C: isachepere 120 GB, ndipo 150 mpaka 200 GB ndi yabwino pa disiki ya 500 GB kapena 1 TB. SSD (disiki yamakono yopanda mbale zozungulira) ya 128 GB musaigawe n'komwe. Ya 256 GB, yomwe imaoneka ngati 238 GB, mukaigawa mudzapeza mbali imodzi yadzaza pomwe inayo ili ndi malo osagwira ntchito; ndi bwino kuisiya yathunthu.

Tiyerekeze disiki ya 500 GB, ndipo mukufuna D: ya 300 GB. Dinani batani lakumanja pa C:, sankhani Shrink Volume, mudikire Windows iwerenge. M'bokosi lolembedwa Enter the amount of space to shrink in MB mumalemba malo amene mukuchotsa, osati amene atsale. Anthu ambiri amalakwitsa pomwepa. Chulukitsani 300 ndi 1024, mupeza 307200. Lembani nambalayo, onani m'munsi kuti C: itsala ndi pafupifupi 164 GB, kenako dinani Shrink.

Kumanja kwa C: kuoneka malo akuda. Dinani batani lakumanja pamenepo, sankhani New Simple Volume, siyani kukula mmene kulili ngati mukufuna malo onse akhale gawo limodzi, lipatseni chilembo D kapena china chimene sichinatengedwe, sankhani NTFS (kasungidwe ka mafayilo ka Windows), siyani Allocation unit size pa Default, lembani dzina pa Volume label, monga Mafayilo, ndipo Perform a quick format ikhale yochongedwa. Dzinalo musalinyozere. Poika Windows mwatsopano zilembo za C: ndi D: sizioneka, mumangoona Drive 0 Partition 3, Drive 0 Partition 4, ndipo dzina ndi kukula kwa gawo ndi zokhazo zimene zingakuuzeni loyenera kufomata.

Nthawi zambiri Windows imakana kupereka malo onse. C: ili ndi 350 GB yopanda kanthu koma ikulola kuchotsa 120 GB yokha. Chifukwa chake n'chakuti Shrink imadula kuchokera kumapeto kwa gawo kubwerera m'mbuyo, ndipo imaima ikakumana ndi fayilo yomwe singasunthidwe Windows ili mkati mogwira ntchito. Olakwa amakhala atatu: hiberfil.sys (fayilo ya hibernate), pagefile.sys (paging file, yothandizira RAM ikadzaza) ndi ma restore point (osunga mmene Windows inalili kale kuti ibwezeredwe). Woyamba mumamuchotsa polemba powercfg /h off mu Command Prompt ya Administrator. Kwa enawo dinani batani la Windows ndi R, lembani sysdm.cpl, pa System Protection dinani Configure n'kuzimitsa chitetezocho, ndipo pa Advanced, Performance, Settings, Advanced, Virtual memory sankhani No paging file. Yatsaninso kompyuta, yesaninso Shrink. Ikakanabe, mu Event Viewer, pansi pa Application, chochitika cha nambala 259 chochokera ku Defrag chimatchula dzina la fayilo yomwe yatchinga njira. Mukamaliza bwezerani zonse zitatu, makamaka paging file. Kompyuta ya RAM ya 4 GB popanda iyo imatseka mapulogalamu yokha.

D: yopanda kanthu sikuthandizani ngati mafayilo akupitabe ku C:. Pangani mafoda mu D:, kenako dinani batani lakumanja pa Documents, sankhani Properties, Location, Move, n'kuloza foda yatsopanoyo. Chitani chimodzimodzi ndi Pictures, Downloads ndi Desktop. Lozani foda yeniyeni monga D:\Documents, osati D:\ yokha, apo ayi gawo lonse limasanduka Documents ndipo kubweza kwake n'kotopetsa.

Pamene Extend Volume yazilala

C: ikadzaza, anthu amachepetsa D: n'kuyembekezera kuti malowo awapereka ku C:, koma amapeza Extend Volume ndi yotuwa, yosadinika. Apa ndi pomwe dongosolo la kumanzere ndi kumanja lija limagwira ntchito. Zili ngati munda: mungaukuze polowa m'tchire logundana nawo, koma simungadumphe munda wa mnzanu kuti mukalime kutsidya kwake n'kumati ndi umodzi. Disk Management imakuza gawo pokhapokha malo akuda ali kumanja kwake, ogundana nalo. Mukachepetsa D:, malowo amatuluka kumanja kwa D:, kutali ndi C:.

Njira yosavuta ndi kukopera zonse za mu D: pa disiki yakunja, kufufuta D: ndi Delete Volume, kukuza C: ndi malo amene mukufuna, kupanganso D: pa otsalawo, n'kubwezera mafayilo. Pa disiki ya MBR, D: ikakhala logical, kuifufuta kumasiya malo obiriwira olembedwa Free space, fufutaninso amenewo kuti asanduke akuda. Nthawi zina chotchinga chimakhala kagawo ka Recovery, makamaka mukasamutsira Windows pa disiki yaikulu. Pamenepo chanzeru ndi kungopanga gawo latsopano pa malo akudawo. Pulogalamu yaulere ya GParted, yoyatsidwa kuchokera pa fulashi, imatha kusuntha magawo popanda kufufuta, koma ndiyo ntchito ya maola ija yoopa magetsi. Imatchula madisiki mwa njira ya Linux, monga /dev/sda kapena /dev/nvme0n1, choncho zindikirani gawo ndi kukula kwake. Poyambira pa C: musapasunthe pokhapokha muli ndi fulashi ya Windows yokonzera kadzukidwe kake.

NTFS, exFAT kapena FAT32

Magawo a m'kati mwa kompyuta ya Windows akhale NTFS. Disiki yakunja yoyenda pakati pa Windows ndi Mac ikhale exFAT, chifukwa Mac imawerenga NTFS koma silembamo payokha. FAT32 imagwirizana ndi ma TV ndi mawailesi a m'galimoto ambiri, koma silandira fayilo yofika 4 GB. N'chifukwa chake kanema wamkulu amakana kulowa mu fulashi yomwe ili ndi malo ambiri. Wofuna kuika Linux pambali pa Windows achepetse C: ali mu Windows, asiye malowo akuda, Linux idzapangemo yokha gawo la mtundu wake wotchedwa ext4. Windows siwerenga ext4, ndipo ikapempha kufomata gawo limenelo, kanani.

Kuchoka pa MBR kupita pa GPT

Kuyambira Windows 10 version 1703, ya m'chaka cha 2017, pali chida chochitira izi mafayilo osatayika. Mu Command Prompt ya Administrator lembani mbr2gpt /validate /allowFullOS. Chimavomera ngati disiki ili ndi magawo a primary osapitirira atatu ndipo mulibe extended. Chikavomera lembani mbr2gpt /convert /allowFullOS, kenako lowani mu BIOS musinthe kuchoka pa Legacy, njira yakale, kupita pa UEFI, apo ayi kompyuta sidzuka. Tsimikizani kaye kuti makina anu ali nayo UEFI, chifukwa chidachi chilibe njira yobwerera.

Malangizo ambiri a pa intaneti amatchula diskpart, chida chogawira madisiki cha mu Command Prompt, ndi lamulo lake la clean. Lamuloli limachotsa magawo onse a disiki yomwe mwasankha, nthawi yomweyo, osafunsa ngati mwatsimikiza. Mukalemba list disk mu diskpart kuti muone madisiki onse, werengani kukula kwa disiki iliyonse kawiri, ndipo zulani madisiki akunja onse amene sakukhudzidwa.

Gawo likasowa

Mukafufuta gawo molakwitsa, kapena likaoneka ngati RAW, Windows n'kumati You need to format the disk, musafomate, musapange gawo latsopano pamalopo, musakoperepo kanthu. Kawirikawiri chomwe chawonongeka ndi kaundula yekha, mafayilo akadali pomwe anali, ndipo chilichonse chatsopano chimalembedwa pamwamba pawo. Pulogalamu yaulere ya TestDisk imafufuza malire akale a gawo: sankhani disiki, Analyse, Quick Search, dinani P kuti muone ngati mafayilo anu akuoneka, ndipo Write muidine pokhapokha mwawaona. Ikalephera, inzake PhotoRec imatola mafayilo limodzilimodzi, koma mayina ndi mafoda zimatayika. Zonse zimene mwapulumutsa zipite pa disiki ina. Pa SSD mwayi umachepa, makamaka mukafomata, chifukwa Windows imauza SSD kudzera mu lamulo la TRIM kuti malowo ndi opanda ntchito, ndipo iyo imawapukuta yokha posakhalitsa. Ngati gawo likuoneka lili bwinobwino mu Disk Management koma silikupezeka mu File Explorer, langotaya chilembo: dinani batani lakumanja, Change Drive Letter and Paths, Add, n'kulipatsa china.