Mwalowa mu komiti ya pachipatala? Umu ndi mmene mungapezere anthu amene akutsalira

Ambiri akasankhidwa mu komiti ya pa health centre amangoti ntchito ndi kuchitira umboni mankhwala akabwera kuchokera ku Central Medical Stores, kuona ngati zimbudzi zili bwino, basi nkumadikira mitingi ina. Imeneyo ndi ntchito ndithu musaisiye. Koma ine ndikufuna tikambirane za anthu amene pachipatala paja sakufikapo, kapena amafika koma nkubwerera osathandizika, chifukwa kuno ku Mulanje timakonda kunena kuti cha boma nchaulere nde aliyense ali ndi mwayi wofanana. Ayi abale. Mzere ndi umodzi inde, koma wina wachokera kuseri kwa chipatala komweko, wina watsika m'mphepete mwa phiri atabereka mwana wamalungo, wina ndi wosamva moti dzina lake likaitanidwa amangokhala phee pa benchi mpaka dzuwa lifike paliwombo.

Musayambe ndi kuitanitsa mitingi. Yambani ndi ma HSA, azaumoyo athu aja, chifukwa ndi amene amayenda khomo ndi khomo ndipo midzi yawo amaidziwa bwino kuposa a in-charge. Afunseni zinthu zosavuta, mudzi uti amayi akuchirirabe pakhomo, ana osabwera ku sikelo ndi a mbali iti, anthu aulumali omwe akuwadziwa m'dera mwawo alipo angati ndipo amafika bwanji kuchipatala akadwala. Mukatero pitani kwa a in-charge, mkulu wa pachipatalapo, mukapemphe manambala a pamwezi malinga ndi midzi. Manambala okha, mayina ayi. Apa nditsindike, kukhala mu komiti sikukupatsani mphamvu yotsegula kaundula wa ART, wa anthu omwa ma ARV, nkumaona kuti mwana wa a uje akumwa mankhwala. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limateteza chinsinsi cha munthu komanso limaletsa kusala, ndipo anthu akangomva kuti a komiti amasuzumira m'mabuku, mwawathamangitsa nokha, azikatengera ma ARV kutali kowononga ndalama ya kabaza.

Kenako tsiku lina mulawire mukakhale pa benchi ya OPD, podikirira odwala osagonekedwa, ngati wodwala wamba, makamaka Lolemba pomwe pamadzadza. Osavala nkhope ya ubwana, ingokhalani muziona. Mayina akuitanidwa bwanji? Munthu wa pa njinga ya olumala alowera pati, pali masitepe okhaokha kapena pali potsetsereka? Chitseko cha chimbudzi njingayo ingalowe? Windo lolandirira mankhwala ndi lalitali bwanji? Ndipo muonenso amene akudumpha mzere, pena ndi odwalika kwambiri zomwe zili bwino, koma pena ndi achibale a ogwira ntchito kapena wina wake wabwera pa galimoto.

Nkhani ya osamva ndiikhalitsa pang'ono chifukwa ndi imene timaiphonya kwambiri. Womasulira chinenero cha manja pa health centre simumupeza wamba, nde zomwe zimachitika nzoti nesi amalankhula ndi wowaperekeza, mwini thupi ali apo ngati si iye wadwala. Kukonza kwake sikulira bajeti. Gwirizanani kuti amene amatolera mabuku a kuchipatala m'mawa azifunsa ngati pali wosamva, aike kachizindikiro pa buku lake, nthawi ikakwana amulondole pa benchi kumukodola m'malo mokuwa dzina. Mchipinda mukhale pepala ndi cholembera kwa odziwa kulemba. Wopereka mankhwala asamangoti awiri m'mawa awiri madzulo uku akuyang'ana kumbali, aloze zithunzi za dzuwa ndi mwezi zili pa kathumba paja, awerenge ndi zala, wodwalayo abwereze kuti zioneke kuti wamva. Chinanso, munthu azisankha yekha womumasulira. Mtsikana wosamva amene akufuna njira yakulera kapena kuyezetsa magazi sanganene zonse mayi ake kapena malume ake ali pompo, nde azifunsidwa kaye ngati akufuna wachibaleyo akhale kapena atuluke. Bungwe la osamva la MANAD lilipo, a komiti mutha kupempha kudzera ku ofesi ya Social Welfare pa boma kuti wina adzaphunzitse ogwira ntchito olo zizindikiro zochepa chabe, kupweteka, kutentha thupi, kusanza, masiku angati. Ndipo mukamalengeza m'midzi za Chipatala Cha Pa Foni pa 54747, yomwe ndi nambala yabwino ndithu, muzikumbuka kuti wosamva sangayimbe, uthengawo umufikire mwanjira ina.

Anthu osaona vuto lawo lalikulu ndi timatumba ta mankhwala tofanana. Kamodzi kamangidwe kalabala kapena kapindidwe pakona, awagwiritse m'manja awauze kuti aka nkausiku, zatheka.

Anzathu achialubino nawo, kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno alipo oposa 134,000, nde musamati kwathu kulibe. Dzuwa kwa iwo ndi matenda, khansa ya pakhungu imawatenga ambiri akadali achichepere, choncho mzere wa padzuwa kwa iwowa ndi chilango. Onetsetsani kuti akudikira pamthunzi, ndipo mankhwala akamatsitsidwa funsani ngati mafuta odzitetezera ku dzuwa ali pa oda, chifukwa chinthu chimene palibe akuchifunsa chimaiwalika msanga. Kachilonda kapakhungu kosapola asamangopatsidwa panado, atumizidwe ku chipatala cha pa boma. Komanso ndi zachiwembu zomwe akhala akuchitiridwa zija, ambiri sangayende m'mbandakucha okha m'tinjira ta m'minda ya tiyi, nde akafika mochedwa asakalipidwe ngati aulesi.

Tikafika kwa a m'maesiteti a tiyi nkhani imakhala ya nthawi. Nyengo yamvula tiyi amaphuka kwambiri, wothyola amawerengera makilogalamu, tsiku limodzi pa mzere wa chipatala ndi ndalama yapita. Maesiteti akuluakulu ali ndi makiliniki awo inde, koma waganyu kwa mlimi wamng'ono alibe kolowera, amangogula tima panado pa okala mpaka matenda akule. Apa anzathu a ku Thyolo anatisonyeza kale njira, magulu aja a anthu omwa ma ARV oti mmodzi amapita kukatengera onse mosinthanasinthana, omwe a bungwe la madokotala la MSF anathandiza kukhazikitsa. Funsani ngati dera lanu lili nawo. Funsaninso ngati omwe akupeza bwino akupatsidwa mankhwala a miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi mmalo mobwera mwezi ndi mwezi. Ndipo kiliniki yoyendayenda ikamakonzedwa, nenani kuti iziganizira tsiku la msika kapena masana anthu ataweruka, chifukwa abambo ambiri kuyezetsa BP, shuga kapena magazi sangajombere ntchito, timangodzawaona atanyamulidwa.

Chiyankhulo nachonso. Ife timangoti aliyense amamva Chichewa, koma agogo ena ululu amaufotokoza bwino mu Chilomwe, ndipo ku mbali ya Muloza ndi Limbuli kumabwera abale athu a ku Mozambique omwe Chichewa chawo nchosakaniza. Fufuzani kuti mwa ogwira ntchito, olo mlonda kapena wokolopa, ndani amalankhula Chilomwe kapena Chiyao, a in-charge azidziwa woitana, bola wodwalayo avomere ndipo womasulirayo auzidwe kuti zam'chipinda zimathera momwemo. Ndikudziwa ena mumadandaula kuti mankhwala ndi ochepa kale nde a tsidya lija akutitherako. Dandaulo limenelo pititsani ku boma ndi manambala kuti aonjezere katundu, osati kukabweza mayi wodwala pa geti. Kolera wa 2022 mpaka 2023 uja anatiphunzitsa kuti matenda sadikira chidindo pa boda ya Muloza, mtsinje wa Ruo timamwera limodzi.

Za achinyamata ndingonena mwachidule, mtsikana sangaime pa mzere wa kulera pamodzi ndi azakhali ake ndi amayi a mvano a ku tchalitchi kwawo. Ndondomeko ya chithandizo chokomera achinyamata boma lili nayo kale, inu funsani kuti tsiku lake ndi liti, chipinda chake nchiti, ndipo ngati ndi chikwangwani chokha chatsala nenani pa mitingi.

Ngati chipatala chanu chapafupi ndi cha mishoni, monga Mulanje Mission kapena Malamulo ku Makwasa kwa a ku Thyolo, dziwani kuti boma limapanga mgwirizano ndi zipatala za CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, woti chithandizo china, kawirikawiri cha amayi oyembekezera ndi ana aang'ono, chizikhala chosalipira kwa anthu a m'deralo. Zomwe zili mu mgwirizanowo zimasiyana malo ndi malo komanso zimasintha, nde kafunseni zenizeni, muzilembe mu Chichewa, zikalengezedwe ku tchalitchi, ku mzikiti ndi pa maliro pomwe. Mayi wina amachirira pakhomo poopa bilu yoti mwina sakanalipira nkomwe.

Tsopano tiyeni tidziyang'ane tokha. Komiti yanu muli ndani? Ngati muli abambo okhaokha achikulire, achibale a mfumu ndi akuluakulu a mpingo umodzi, zonse ndalemba pamwambazi simuzimva chifukwa palibe wozibweretsa. Pakhale amayi okwanira ndipo azilankhula osati kungophika tiyi wa mitingi, pakhale wachinyamata, pakhale munthu waulumali mwiniwake osati womuyankhulira, pakhale wochokera mudzi wakutali kwambiri uja olo zitanthauze kuti mitingi iziyamba mochedwerako. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati polemba ntchito m'boma amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 aliwonse ndipo asapitirire 60, ndiye olo komiti si ntchito yolembedwa, muyezo umenewo mutha kuubwereka. Chimodzimodzi posankha mavolontiya. Pakamveka kuti pali ka alawansi, mayina amatuluka a banja limodzi, kenako tizidabwa kuti Asilamu a mudzi wakuti kapena a mpingo woletsa mankhwala sakubwera ku katemera, chonsecho palibe mmodzi wa iwo amene tinamuika pa gulu.

Manesi ndi ma clinical officer komiti siilemba ntchito, zimenezo nza ku khonsolo ndi ku unduna. Koma kuti akhalitse kapena athawe, mbali yaikulu ndi ife. Nesi wachokera ku Mzimba kapena Karonga, watumizidwa ku chipatala cha kumapiri koti msewu mvula ikagwa galimoto siifika, nyumba yodontha, madzi kutali, kenako ife tizimunena za mtundu wake akangolakwitsa liwu limodzi la Chichewa. Chaka chisanathe wapempha transifa ndipo timatsala ndi mmodzi wogwira usana ndi usiku, yemwe mwachidziwikire adzakhala waukali. Nde tsankho la mtundu mulidzudzule mbali zonse, la ogwira ntchito kwa odwala komanso la ife eni mudzi kwa ogwira ntchito. Nkhani ya nyumba zawo ipite ku VDC ndi ADC, makomiti a chitukuko a m'midzi ndi m'dera, ikalowe pa mndandanda wa chitukuko. Za azamba achimuna nazo zimavuta m'midzi ina, amayi ena amachita manyazi mpaka kusankha kuchirira kunyumba. Osawaseka, komanso osamunyoza mzambayo poti anaphunzira ntchito yake bwinobwino. Kambiranani ndi a in-charge kuti pomwe zingatheke pakhale wamkazi pafupi, olo wothandizira, ndipo amayi azifotokozeredwa ku sikelo nthawi isanakwane.

Komanso tiziwakankha ana athu omwe akhoza bwino sayansi pa MSCE. Sukulu za unamwino zili pakhomo pompano, ku Mulanje Mission, ku Malamulo, ku Holy Family ku Phalombe. Zotsatsa malo zikatuluka zimathera pa WhatsApp ya a m'tauni, inu zisindikizeni mukamate ku CDSS ya kumudzi, ndipo mwana waulumali yemwe ali ndi mapointi abwino musamugwetse mphwayi kuti za chipatala sangathe.

Madandaulo aziyenda bwanji? Bokosi la maganizo lija ndi la odziwa kulemba okha, nde sankhani anthu awiri mu komiti, wamkazi ndi wamwamuna, oti munthu atha kuwauza pakamwa, ndipo mayina awo alengezedwe m'midzi. Nkhani yambani nayo kwa a in-charge mwaulemu, pambali, osati kukalalatira nesi pamaso pa odwala. Ikakanika, pa chipatala cha pa boma pamakhala Hospital Ombudsman, wolandira madandaulo a odwala, ndipo zikakhala zazikulu zokhudza kagwiridwe ka ntchito kuli Medical Council of Malawi ndi Nurses and Midwives Council. Chilichonse mwagwirizana chilembedwe mu maminitsi, ndani achita, pofika liti. Musanyamule zonse kamodzi mutopa nazo, tengani ziwiri, mwina mthunzi pa OPD ndi kaitanidwe ka osamva, zikatheka muonjezere zina.

Chimodzi chokha chisadikire, mvula isanayambe. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anadula misewu ndi milatho kuno ndi ku Phalombe, midzi ina inakhala masiku osafikika. Nde pofika October khalani pansi ndi ma HSA muone midzi yomwe imatsekeka mitsinje ikadzadza, iwo ndi a in-charge akonze zoti omwa ma ARV, a khunyu, a BP ndi shuga a kumeneko alandiriretu mankhwala okwanira, amayi omwe masiku ayandikira apite msanga ku chidikiro, ndipo mfumu iliyonse idziwe kuti agogo kapena munthu wosayenda wa m'mudzi mwake adzanyamulidwa ndi ndani.