Momwe mungagwirire kafukufuku wa masensa ndi anzanu akunja muli ku Dedza

Musayambe ndi kusaka pulofesa wa ku Ulaya. Yambani ndi vuto la kwanu. Alimi a kachewere ku Bembeke amachidziwa chiwawu, chomwe chimabuka kukakhala chifunga ndi chinyezi kwa masiku angapo. Apa ndiye pali funso: kodi chinyezicho chimafika pati matendawa asanaoneke pamasamba?

Kenako yezani. Kasensa (kachipangizo koyezera) ka DHT22, kolumikizidwa ku kakompyuta kakang'ono kotchedwa ESP32, kamayeza kutentha ndi chinyezi cha mumpweya. Kaikireni kasola ndi batire, chifukwa kumunda kulibe magetsi, ndipo kakabokosi kake kakhale koti mvula isalowemo koma mphepo izidutsa. Musanakazike, kambiranani ndi mwini munda, alangizi a zaulimi ndi amfumu. Chipangizo chimene anthu sakudziwa ntchito yake sichichedwa kuzulidwa, ndipo simungawadzudzule.

Manambala a nyengo imodzi akakwana, tsegulani akaunti ya ORCID, nambala ya pa intaneti yozindikiritsa wofufuza, yomwe ndi yaulere, n'kupeza mphunzitsi wa ku yunivesite ya LUANAR, MUST kapena MUBAS woti akutsogolereni. Kudzera mwa iyeyo mudziwanso momwe mungapemphere chilolezo cha kafukufuku, pakuti nkhani zimenezi imayang'anira ndi NCST, bungwe la boma loona za sayansi ndi luso.

Tsopano lembani imelo. Werengani mapepala a kafukufuku wofanana ndi wanu, ndipo mulembere wophunzira wa PhD amene dzina lake lili koyambirira. Iyeyu amayankha msanga kuposa akuluakulu ake. Nenani zomwe mwayeza, komwe mwayeza, ndi chomwe chikukuvutani. Muzionanso zolengeza za ICTP ndi TWAS, mabungwe a ku Trieste m'dziko la Italy, omwe amapereka maphunziro komanso ndalama kwa asayansi achinyamata a m'maiko osauka.

Ofufuza akunja amene mwawalembera imelo akavomera kugwira nanu ntchito, apa ndi pofunika kuchenjera. Iwo ali ndi labu, inu muli ndi munda, alimi ndi nyengo yomwe iwo sangaipeze kwawo, choncho simukupempha chithandizo ayi. Gwirizanani polemba ntchito isanayambe: manambalawo mwini wake ndani, asungidwa kuti, mayina adzatsatana bwanji papepala, nanga chipangizo chikafa adzakonza ndani. Ambiri amachita manyazi kufunsa zimenezi, mapeto ake dzina lawo limangopezeka m'mawu othokoza.

Ngati akutumizirani zipangizo, funsiranitu ku MRA za msonkho, ndiponso ku MACRA ngati zili zotumiza uthenga pawailesi monga LoRa.