Mmene Mungazindikirire Ululu wa Pachifuwa Wochokera ku Ndulu

Munthu akamva kupweteka pachifuwa amayamba waganiza za mtima, ndipo salakwa, koma nthawi zina gwero la ululuwo limakhala ndulu, kathumba kamene kali pansi pa chiwindi, kumanja kunsi kwa nthiti. Kathumbaka kamasunga madzi owawa othandiza kugaya mafuta, ndipo timiyala topangika m'kathumbamo tikatseka njira ya madziwo kamadzifinya mwamphamvu, ululu n'kukwera mpaka pachifuwa.

Choyamba ndi kutsimikiza kuti si mtima, ndipo zimenezi sizitheka kunyumba. Ngati pachifuwa pakulemera ngati akuikanipo mwala, ululu ukutsikira kumkono wamanzere kapena kukwera kunsagwada, thukuta lili kamukamu ndipo mukubanika, musadikire kuti kuche. Pezani kabaza kapena galimoto, mupite kuchipatala.

Mtima ukapezeka kuti uli bwino, yambani kutsata nthawi imene ululuwo umabwera. Wa ndulu umakonda kudza munthu atadya zonona, monga nyama yambuzi ya pachiwaya pamsika wa Ngabu kapena Nchalo, mlamba wokazinga, kapenanso mandasi, ndipo kawirikawiri umamudzutsa usiku. Umagwira osalekeza kwa mphindi 30 kapena maola angapo, suchepa ngakhale mutembenuke kapena mugeye, umalasa kumsana chakuphewa lamanja, ndipo umabwera ndi mseru. Chilungulira n'chosiyana, chifukwa chimatentha chokwera kummero. Vutoli limagwira kwambiri amayi, makamaka obereka kangapo, anthu opitirira zaka 40, onenepa, ndi odwala matenda a magazi otchedwa sickle cell.

Lembani zimene munadya, nthawi imene ululu unayamba ndi imene unatha, ndipo mukamufotokozere dokotala zonsezo mukuloza ndi chala pamene pamapweteka. Kungonena kuti "mumtima mukupweteka" kumachititsa kuti ambiri azingomwa mankhwala a zilonda za m'mimba kwa miyezi osachira. Funsani ngati mungaunikidwe m'mimba ndi sikani, chifukwa ndiyo imaonetsa timiyalato, ndipo mudzapite musanadye kwa maola osachepera 6.

Chimene chimandidetsa nkhawa kuno kuchigwa cha Shire n'chakuti thupi likangotentha timati ndi malungo. Koma ululu ukapitirira maola 6, thupi likatentha ndi kunjenjemera, maso akachita chikasu, mkodzo ukada ngati tiyi, ndiye kuti mwina ndulu yatupa kapena njira yake yatsekekeratu. Musagule mankhwala pagolosale, kayezetseni tsiku lomwelo. Kuchipatala cha boma cha Chikwawa kapena cha Nsanje angathe kukutumizani ku Queen Elizabeth ku Blantyre ngati pakufunika opaleshoni yochotsa ndulu, ndipo musaiope, pakuti madzi owawa aja amapitabe m'matumbo kuchokera kuchiwindi. Podikira tsikulo, nsomba muziwiritsa kapena kuotcha, nyama muzichotsa mafuta, ndipo muzidya pang'onopang'ono m'malo mokhuta kamodzi madzulo.