Momwe mungaonere bwino chipilala cha asilikali a KAR ku Zomba

Mukamachokera ku Blantyre pa msewu wa M3, musanalowe m'tauni ya Zomba, mudzaona nsanja ya njerwa zofiira pafupi ndi Cobbe Barracks. Chimenecho ndi chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles (KAR), gulu la nkhondo la atsamunda a ku Britain lomwe linakhazikitsidwa mu 1902. Mabataliyoni ake awiri oyamba anali a anthu a kuno kwathu.

Choyamba, pemphani chilolezo kwa asilikali musanatulutse foni. Awa ndi malo a asilikali, ndipo kujambula geti kapena nyumba za m'kati kungakuikeni m'mavuto. Ngati mukubwera ndi ana a sukulu, lemberanitu kalata.

Mukaloledwa, musathamangire kufupi. Imani kaye chapatali muone nsanja yonse, kuyambira pansi mpaka pa wotchi ya pamwamba. Kenako izungulireni mbali zonse zinayi.

Powerenga mayina a asilikali olembedwa pa chipilalacho m'pofunika kudekha. Pitani m'mawa kapena chakumadzulo, dzuwa likamawomba cham'mbali, chifukwa zilembo zimaoneka bwino zikakhala ndi mthunzi. Masana zimangoti mbuu pa chithunzi. Tengani kope ndi pensulo, ndipo koperani dzina monga lalembedwera, ngakhale likuoneka lolakwika. Azungu ankalemba mayina monga awamvera, choncho ngati mukufufuza agogo anu, tchulani dzinalo mokweza kuti mumve ngati likufanana. Musapake choko, musakweche ndi mchenga kapena waya. Zimenezi zimadya zilembo, ndipo zikafufutika sizibwereranso.

Anawo auzeni kuti nkhondo ya 1914 mpaka 1918 makolo athu ankaitchula kuti ya Chiwaya, potengera mfuti yolira mosalekeza ija. Inafika m'dziko muno: pa 9 September 1914 asilikali a KAR anamenyana ndi a Germany ku Karonga. Musaiwale amtengatenga, amuna omwe ankasenza katundu wa nkhondo pamutu, ambiri n'kufera m'njira ndi njala ndi matenda. Dzina la Cobbe nalo lili ndi mbiri: Alexander Cobbe, mkulu wa asilikali wochokera ku Britain, analandira mendulo ya kulimba mtima pa nkhondo yotchedwa Victoria Cross mu 1902 ku Somaliland akutsogolera asilikali a kuno.

Ngati mukufuna kuona mwambo wokumbukira asilikali omwe anafera ku nkhondo, tsiku lake ndi Lamulungu lachiwiri la November. Fikani 11 koloko isanakwane, chifukwa pa ola limenelo anthu onse amakhala chete kwa mphindi ziwiri, kenako amaika nkhata za maluwa.