Mmene mungakonzere sewero la chikondi chobisika cha matchona a ku Joni

Gulu la zisudzo la ku Ntcheu kapena ku Dedza silisowa nkhani za ku Joni, chifukwa mabasi ochokera ku Lilongwe amatulukira pachipata cha Dedza kulowera ku Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ndipo m'midzi yambiri muli nyumba yamalata yomangidwa ndi ndalama za mwana amene ali kumeneko. Masewero a matchona alipo ambiri, koma amazungulira pa nkhani zomwezomwezo: mwamuna woiwala banja, mkazi wodya ndalama zomangira nyumba, mnyamata wobwezedwa kuchokera ku Lindela, malo osungirako alendo oyembekezera kubwezedwa kwawo, ali chimanjamanja. Nkhani imene magulu amaizemba ndi ya mnyamata wokondana ndi mwamuna mnzake, kapena mtsikana wokondana ndi mkazi mnzake, amene adapita ku South Africa kukafuna ganyu komanso malo opumira, koma mtima wake ukadali pa miyambo ya kwawo. Malangizo awa ndi a gulu lomwe latsimikiza kuigwira nkhani imeneyi.

Musanalembe mawu amodzi, khalani pansi monga gulu ndi kuwerenga zimene malamulo akunena. Pa nkhani ya kugonana kwa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, ndime 153 ya malamulo a milandu m'dziko muno imapereka chilango chofika zaka 14 m'ndende, ndime 156 imapereka zaka 5 kwa amuna, ndipo ndime 137A, yomwe Nyumba ya Malamulo idavomereza mu 2010, imapereka zaka 5 kwa akazi. Mu June 2024 bwalo lounika za malamulo aakulu a dziko lidakana pempho lofuna kuthetsa ndime 153 ndi 156, ndipo ndime zonsezi zikugwirabe ntchito. Ndimezi zimakamba za mchitidwe, osati za kuonetsa sewero, komabe tanthauzo lake kwa inu ndi lakuti munthu amene wakuuzani mbiri yake akhoza kugwa m'mavuto aakulu oonerera akamuzindikira. Palinso lamulo la 1968 loona za zosangalatsa, lomwe limapatsa Censorship Board mphamvu pa zisudzo zoonetsedwa pagulu, kotero funsani za chilolezo nthawi ikadalipo, ndipo ngati n'kotheka muonetse loya zimene mwalemba. Ku South Africa zinthu n'zosiyana, pakuti malamulo aakulu a 1996 amaletsa tsankho pa nkhani imeneyi, ndipo kuyambira mu 2006 amuna okhaokha kapena akazi okhaokha akhoza kukwatirana mwalamulo. Kusiyana kwa malamulo awiriwa ndiko kumene mtengambali wanu akukhalamo tsiku ndi tsiku.

Mukamasonkhanitsa nkhani, cheza ndi anthu ochepa amene avomera mwa kufuna kwawo n'kokwanira. Musajambule mawu awo pafoni; lembani m'kope, ndipo musinthe dzina, mudzi, mpingo, ntchito ndi chiwerengero cha abale. Chabwino koposa ndi kuphatikiza mbiri za anthu atatu kapena anayi kuti zipange mtengambali mmodzi, ndipo sewero likatha kulembedwa muwawerengere eni nkhaniwo kuti achotse chilichonse chimene chingawaulule. Chezaninso ndi azimayi amene ana awo ali ku Joni, ankhoswe amene adamangitsa maukwati ambiri, ndi agogo amene adapita ku Wenela. Agogowa amakumbukira kuti Kamuzu Banda adaimitsa ulendo wa kumigodi mu 1974 ndege itagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi oposa 70, ndipo akatswiri a mbiri yakale adalemba kuti m'makomboni a migodi amuna ena achikulire ankatenga anyamata ngati akazi awo. Simuyenera kukakamiza mkulu aliyense kulankhula za izi, koma wolemba sewero adziwe kuti nkhaniyi sidayambe ndi mafoni.

Tsopano pa chimake cha ntchito yonse. Cholakwika chimene magulu ambiri angagweremo ndi kusandutsa sewero kukhala mtsutso, mbali ina m'busa atanyamula Baibulo, mbali ina wa bungwe atanyamula chikalata cha ufulu wachibadwidwe. Oonerera a ku Lizulu kapena ku Linthipe adaumva kale mtsutso umenewu pawailesi, adaonanso ziwonetsero za atsogoleri a zipembedzo zotsutsa maukwati a amuna okhaokha kapena akazi okhaokha mu July 2023, ndipo aliyense adzalowa muholo atasankha kale mbali yake. Sewero lotere limangotsimikizira munthu zimene adabwera nazo. Mphamvu ya nkhaniyi ili m'banja, mwa anthu okondana amene mwambo umene onse amaulemekeza wawaika pakona. Mtengambali wanu asakhale wodana ndi chikhalidwe. Akhale mwana wa Chingoni amene amavina ngoma bwino kuposa anzake, amene amatumiza ndalama za feteleza mwezi wa October osaphonya, amene amalakalaka kupezeka pa Umhlangano wa Maseko ku Nkolimbo, ndipo chimene chikumupweteka chikhale chakuti mwambo umene amaukondawo ulibe mpando wa munthu amene iye amamukonda.

Miyambo iwiri ndiyo ingakunyamulireni sewero lonse, chinkhoswe ndi maliro. Pachinkhoswe pali kale zisudzo: akuchikazi amabweretsa atsikana ofunditsidwa zitenje kumutu, mnyamata amavundukula mmodzimmodzi kufuna wake, ankhoswe amasinthana nkhuku, ndipo mbali ziwiri zimapatsana khasu, nkhwangwa, lichero ndi chipande. Taganizirani mnyamata amene wabwera kuchokera ku Joni chifukwa malume ake amuumiriza, akuvundukula chitenje chilichonse anthu akululutira, iye akudziwa kuti amene akumufuna sali pansi pa chitenje china chilichonse. Palibe chifukwa chomupatsa mawu pamenepo. Nkhope yake ndi kuchedwa kwa dzanja lake n'zokwanira. Dziwaninso kuti oonerera achikulire adzakumbukira chinkhoswe cha Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga ku Blantyre mu December 2009, chomwe chidathera m'chigamulo cha zaka 14 mu May 2010, Bingu wa Mutharika asadawakhululukire pa 29 May pamene Ban Ki-moon, mlembi wamkulu wa United Nations panthawiyo, adali m'dziko muno. Tiwonge, yemwe amadziona kuti ndi mkazi, pambuyo pake adakakhala ku South Africa. Musaike anthu awiriwa pansanja, chifukwa moyo wawo si wanu, koma muyembekezere kuti mayina awo adzatchulidwa muholo.

Kwa ine maliro ndiwo amphamvu koposa, ndipo ndi pamene ndingaike pampondachimera. Mmalawi akamwalira ku Joni, anzake amasonkherana ndalama kuti thupi libwere kumudzi. Mu sewero lanu, amene wapereka zambiri, amene adamudwazika malemu kuchipatala, amene wakhala pambali pa bokosi ulendo wonse wodutsa Zimbabwe ndi Mozambique, akhale wokondedwa wakeyo. Akafika pamudzi, mwambo umayenda mwadongosolo lake: azimayi m'nyumba ya siwa, abambo panja pamoto, adzukulu kumanda, chipepeso chikulembedwa m'kope, ndipo woimira banja akuwerenga mbiri ya malemu. Munthu uja amuthokoza kuti ndi "mnzake wa ku Joni amene watithandiza mayendedwe", kenako amupatsa nsima pamodzi ndi alendo. Sangalire ngati wamasiye, palibe womupepesa, ndipo pa tsiku lometa palibe amene adzamusudzule, chifukwa pamaso pa mudzi sadamangidwepo. Wolemba wanzeru adzasiya mayi wa malemu kuti azindikire yekha, mwina poona kuti mlendoyu akudziwa pamene pali chipsera cha moto chomwe mwana wawo adapsa ali wakhanda. Zimene mayiyo achite atazindikira, kumuthamangitsa kapena kumupatsa malaya amodzi a malemu mwakachetechete, ndi chisankho chimene gulu lanu liyenera kukangana nacho kwa masiku angapo.

Zokambirana zikhale zazifupi, ndipo anthu aitanane monga amaitanirana kwathu. Mwachitsanzo, foni yochokera kumudzi ikhoza kuyenda motere, wokondedwa uja ali chete pambali akusenda anyezi:

"Mwaswera bwanji amayi?"

"Taswera, bambo. Malume ako ali pompano, akuti mwana wa kwa Nangozo uja wamaliza sukulu."

"Zikomo amayi. Ndalama za mbewu zija mwalandira?"

"Talandira. Koma ine maso ayamba kuchita mdima, ndikufuna ndione mdzukulu."

Palibe amene watchula nkhani yeniyeni, koma aliyense muholo waimva. Umu ndi mmene mabanja athu amalankhulira zinthu zolemera, ndipo sewero lotsata njira imeneyi limamveka lathu. Mawu onyoza amene anthu amagwiritsa ntchito m'misika akhoza kutuluka pakamwa pa mtengambali mmodzi pamene wapsa mtima, koma asakhale pachikwangwani cholengeza sewero, ndiponso asabwerezedwe pofuna kuseketsa.

Moyo wa ku Joni musaupake golide. Ufulu wa m'malamulo sulipira lendi, ndipo Mmalawi amene masiku a pasipoti yake adatha amaopa apolisi ngakhale malamulo a ukwati ali kumbali yake. Ziwawa zothamangitsa alendo za mu 2008, 2015 ndi 2019 zidabweza Amalawi ambiri kumudzi. Kuonjezera apo, mtchona amadalira Amalawi anzake pa malo ogona, ganyu, mpingo ndi wonyamula katundu wopita kumudzi, ndiye kuti mudzi umene adauthawa amaupezanso komweko, ndipo mphekesera imafika ku Tsangano pa WhatsApp tsiku lomwelo. Kuti zimenezi zioneke, gawani nsanja pawiri: mbali ina mphasa, mtondo ndi thumba la mbatata ya kachewere, mbali ina matiresi, sitovu ya parafini ndi chikwama chachikulu chamizeremizere. Ochita sewero a mbali ziwirizi asakhudzane mpaka bokosi litawoloka pakati.

Pa nyimbo ndi magule, gwiritsani ntchito zimene mukuzidziwa bwino. Ngoma yovinidwa ndi munthu mmodzi m'kachipinda ka lendi, akuponda pansi mopepuka kuopa kudzutsa mwini nyumba, ikhoza kunena za kusowa kwawo kuposa mawu ambiri, makamaka pokumbukira kuti makolo a Angoni a Maseko adachokera kummwera komweko m'zaka za m'ma 1800. Gule wamkulu musamuike pansanja. Ali ndi eni ake ndi malamulo ake, ndipo kumulowetsa m'nkhani yovuta kale ngati iyi kudzachititsa kuti mkangano wonse ukhale wa dambwe, sewero lanu n'kuiwalika.

Pokonzekera, mdani wamkulu ndi chizolowezi chathu cha nthabwala. Oonerera adazolowera kuseka mwamuna wovala diresi, wolankhula mopyapyala ndi kuyenda monyang'ama, ndipo wochita sewero akangomva kuseka koyamba amaonjezera. Wotsogolera aletse zimenezi kuyambira tsiku loyamba. Chikondi chionetsedwe ndi ntchito zing'onozing'ono, monga kuthirira mnzako madzi osamba m'manja, kumusungira ndiwo pamene wachedwa kuganyu, kapena kumusokerera batani la yunifolomu. Kupsompsonana sikofunika, pakuti ngakhale mwamuna ndi mkazi sachita zimenezo pabwalo la kumudzi. Musaiwale kuti kwathu kuno wochita sewero amaitanidwa ndi dzina la mtengambali wake kwa zaka, choncho aliyense avomere gawo lake akudziwa zimenezi, akhale wamkulu wopitirira zaka 18, ndipo akhale ndi ufulu wosiya popanda kufunsidwa chifukwa. Musafunse aliyense m'gulu za moyo wake wamseri.

Chionetsero choyamba chikhale cha anthu oitanidwa, osapitirira amene mungathe kucheza nawo maso ndi maso, ndipo mafoni asungidwe pakhomo, chifukwa kachidutswa ka mphindi imodzi koikidwa pa Facebook kopanda chiyambi ndi mathero kangawononge ntchito yonse ndi mbiri ya ochita sewero. Pamsika kapena pabwalo la mpira si malo a sewero ili. Ngati mukupita kumudzi, kaonaneni ndi amfumu masiku angapo m'mbuyo ndi kuwauza zoona za nkhani yake; kuwanamiza kuti ndi sewero la matchona chabe kudzakutsekerani mudziwo mpaka kalekale, ndipo akakana, pitani kwina.

Sewero likatha, tsatani njira imene gulu la zisudzo loyendayenda la Chancellor College lidazika m'zaka za m'ma 1980, nthawi ya aphunzitsi a zisudzo Chris Kamlongera ndi David Kerr, yoti oonerera akambirane ndi kuyesa okha mathero ena. Wotsogolera zokambirana asafunse ngati chikondi chotere chili chabwino kapena choipa, chifukwa funso limenelo lidzabweretsa mtsutso umene mwauzemba uja. Afunse zogwirika: malume akadatani atamva mphekesera, ndani adayenera kumuperekeza mlendo uja pokakwera basi, kodi ndalama zimene adapereka zilembedwe m'kope la chipepeso kapena ayi. Wina akapereka yankho, muitaneni kutsogolo kuti atenge malo a malume ndi kuyesa kulankhula mawuwo kwa mayi wofedwa. Ochita sewero asayankhe mafunso okhudza iwo eni, achoke pamalopo pamodzi kusanade, ndipo wotsogolera awaimbire foni mmodzimmodzi m'sabata yotsatira kuti amve mmene akuwalandirira kunyumba ndi kumpingo, asadakonze chionetsero chachiwiri.