Momwe mungaphikire tiyi wa njere za cassia osadzivulaza nazo m'mimba

Abale anzanga a kuno ku Harare, njere za cassia zija zafala kwambiri m'magulu a WhatsApp, wina akuti zimachotsa mafuta, wina akuti zimatsuka magazi, mpaka ku Mbare Musika ndi m'mashopu a mankhwala azitsamba mtauni muzipeza m'timapaketi. Zimachokera ku chomera chotchedwa Senna obtusifolia kapena Senna tora, ku China amazitcha jue ming zi ndipo akhala akuzigwiritsa ntchito kalekale pa maso otopa ndi kudzimbidwa, ku Korea amazikazinga n'kumamwa ngati tiyi wamba. Koma ntchito yake yodziwika bwino ndi imodzi, zimafewetsa m'mimba chifukwa muli mankhwala achilengedwe otchedwa ma anthraquinone. Zina zija zakuti muonda pa sabata imodzi, mmm, ndi malonda chabe.

Poyamba penipeni, gulani, musathyole kutchire. Apa ndilimbikire ndithu. M'mbali mwa misewu ku Epworth kapena Mufakose mumamera chomera chachibale chake, Senna occidentalis, maluwa achikasu omwewo, ndipo njere zake ndi poizoni, ku India ana anamwalirapo atadya njere zake, ng'ombenso zimafa nazo. Njere zoyenera zimakhala zabulauni, zonyezimira, zolimba, zamakonamakona ngati zachita kudulidwa mopendeketsa, pomwe za chinzakecho ndi zaphwatalala komanso sizinyezimira. Musasokonezenso ndi sinamoni amene amalembedwa cassia pa paketi, ameneyo ndi khungwa la mtengo wina, kapena mtengo wa kesha uja timadzala kumudzi kuti tizipeza nkhuni.

Mukagula zitsukeni, muziyanike ziume gwa. Kenako ikani pa chiwaya chopanda mafuta, moto wochepa, muzitakasa osaleka ngati mukukazinga mtedza mpaka zitayamba kuthetheka ndi kununkhira, zikangoderako pang'ono phulani, zikapserera tiyi wake amawawa zedi. Kukazingako kumachepetsa mphamvu yotsegula m'mimba, ndiye osadumpha sitepe imeneyi chifukwa choti magetsi a ZESA apita, mbaula ndi makala zimagwira bwinobwino.

Zikazizira zisinjeni pang'ono mu kamtondo, kungoti zisweke basi, osati ufa. Ku China mulingo wa munthu wamkulu ndi magalamu 9 mpaka 15 pa tsiku, ndiye pafupifupi supuni yaikulu imodzi, koma inu poyamba tengani supuni yaing'ono imodzi muone kaye thupi likuti bwanji. Thirani mu poto ndi makapu awiri a madzi, ziwire mphindi 10, sefani, imwani. Njere zotsala sungani mu botolo lotseka bwino.

Musamwe tsiku ndi tsiku kwa miyezi. Masiku ochepa, osapyola sabata, kenako lekani. Mankhwala otsegula m'mimba a mtundu umenewu mukawazolowera matumbo amachita ulesi, komanso thupi limataya mchere wofunikira wotchedwa potaziyamu, zomwe ndi zoopsa kwa amene akumwa mapiritsi a BP okodzetsa aja kapena a mtima. Mukamva kupotokola kapena mwayamba kutsegula, siyani pompo.

Nanga makapisozi olembedwa cassia seed extract? Amenewa ndi njere zomwezo koma anazifinya n'kuumitsa, ndipo akalemba 10:1 akutanthauza kuti makilogalamu 10 a njere anatulutsa kilogalamu imodzi ya ufawo, ndiye kakapisozi kamodzi kakhoza kukhala kamphamvu kuposa kapu yanu ya tiyi. Werengani botolo lonse, nthawi zambiri amasakaniza ndi masamba a senna kapena aloe m'ma tiyi ochepetsa thupi, zonsezo n'zotsegula m'mimba. Onani tsiku lothera mphamvu, dzina la kampani, ndipo funsani ngati analembetsedwa ku MCAZ, bungwe lomwe limayang'anira mankhwala muno mu Zimbabwe kuphatikizapo azitsamba a m'mabotolo. Za m'kapepala kopanda dzina zisiyeni, kaya wogulitsayo ndi wa kutchalitchi kwanu.

Amayi oyembekezera, oyamwitsa, ana, ndi amene BP yawo imakhala yotsika kale asamwe. Amene muli pa ma ARV kapena mankhwala a shuga, tengani paketiyo mukawaonetse anesi ku kiliniki kapena a ku famase musanayambe, ndipo mapiritsi anu musasiye ngakhale tsiku limodzi chifukwa cha tiyi ameneyu.